Anatigwetsera makoma ku ofesi, mwezi wachitatu uno mabuku sindikutseka pa nthawi

Make Mapasa:
Abale mundithandize maganizo, mwina ndine ndekha amene zikundivuta. Kuntchito kwathu kuno ku Blantyre anatisamutsa mu August, tinachoka mnyumba yakale momwe timakhala awiri awiri atatu atatu mtimaofesi, nkupita malo atsopano komwe tonse 34 tili mchipinda chimodzi, amati open plan. Pooneka mpokongola zedi, matebulo oyera aataliatali, mbali yonse magalasi, pansi matailosi owala, alendo akabwera amachita kujambula zithunzi. Koma ine ndili ku akaunti ndipo chisamukireni sindinatsekepo mabuku a mwezi pa tsiku lake. Kumanzere kwanga kuli anyamata a malonda foni zawo sizigona, kumbuyo kwanga kuli pulinta ya tonse nde aliyense wodzatenga pepala amayamba waima kaye maso pa sikirini yanga. Sabata yatha ndinalemba 1,850,000 mmalo mwa 1,580,000 pa invoisi ya kasitomala, chinthu choti zaka 11 ndikugwira ntchitoyi sichinandichitikirepo, manyazi ake mpaka lero. Mabwana akuti anachita izi kuti tizigwira ntchito mogwirizana. Kwanuko zikuyenda bwanji?

Wa IT ku Kanengo:
Simuli nokha asisi, ife chaka chachiwiri chino. Chomwe ndaona ine nchakuti anthu anasiya kuyankhulana. Kale munthu amagogoda pa chitseko changa, kulowa, kukhala pa mpando nkufotokoza vuto lake bwinobwino, ndipo mkati mocheza ndimatulukira kuti vuto lenileni ndi lina osati lomwe wabwerera. Pano munthu ali pa tebulo lachitatu kuchoka pa ine amanditumizira uthenga pa WhatsApp chifukwa safuna chipinda chonse chimve kuti wayiwalanso pasiwedi kachitatu. Aliyense mahedifoni kukhutu kuyambira 8 koloko mpaka poweruka. Timaonana tsiku lonse koma sitidziwana.

Mnyamata wa Malonda:
Asisi pepani ndiyankhe ngati mmodzi wa anthu a phokosowo, ngakhale sitili kampani imodzi. Ine open plan ndi yomwe inandiphunzitsa ntchito. Nditangochoka ku koleji anandikhazika pafupi ndi mayi wina amene wagulitsa inshuwalansi zaka zambiri, palibe tsiku anandiitana kuti bwera ndikuphunzitse, ndimangomvetsera mmene akuyankhira kasitomala wokwiya, pomwe akukhala chete kumusiya munthu atulutse kaye mkwiyo wonse, pomwe akutchulira mtengo. Miyezi itatu ndinali nditagwira. Akanakhala mu ofesi yawo yotseka ine ndikanaphunzira kuti? Komanso ife achinyamata kugogoda pa chitseko cha munthu wamkulu timaopa, pomwe akakhala pompa umangotembenuka nkufunsa.

Make Mapasa:
Pamenepo ndikukuvomerezani achimwene, ntchito yanu ndi ya pakamwa, mukamamva anzanu ndi pomwe mukunoleka. Yanga ndi ya manambala. Ndikakhala pakati pofananitsa sitetimenti ya ku banki ndi buku lathu ndimakhala nditanyamula manambala anayi asanu mmutu, wina akangoti mwaswera bwanji mayi onse abalalika, ndiyambirenso pamwamba. Ndipo moni simungaukane, muoneka amwano. Anthu 33 kudutsa pa tebulo langa, mmawa mwadzuka bwanji, masana mwaswera bwanji, kunyumba ali bwanji, mapasa akukula? Ndi anthu abwino onsewo ndipo amandikonda, koma pofika 4 koloko ndimapeza kuti ntchito ya maola awiri yandidyera tsiku lonse. Nde msonkho wa VAT wolipira pofika pa 25 sudikira kuti ku ofesi kwanu kuli phokoso.

Asisi a HR:
Zomwe anena a IT zoti anthu amasiya kuyankhulana si maganizo awo okha ayi, zinayezedwa. Mu 2018 akatswiri awiri a ku yunivesite ya Harvard ku America, Ethan Bernstein ndi Stephen Turban, anatsatira makampani awiri akuluakulu omwe amagwetsa makoma. Anawaveka antchito timakina pakhosi tokhala ngati ma ID toyeza kuti munthu akuyankhulana ndi ndani maso ndi maso komanso nthawi yayitali bwanji, asanasamuke ndi atasamuka. Kuyankhulana maso ndi maso kunatsika ndi pafupifupi 70 peresenti. Pa kampani yoyambayo maimelo otumizidwa anakwera ndi 56 peresenti, timauthenga ta pa kompyuta ndi 67 peresenti. Kutanthauza kuti chinthu chomwe mabwana amachifunacho ndi chomwe chinathawa. Munthu ukamuika poyera amadzimangira yekha khoma, mahedifoni, nkhope yolusa, maso pa sikirini kuti asamuyambe. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Wamapulani:
Ndiyankhule monga munthu amene amajambula maofesi amenewa. Kasitomala akabwera kwa ife mawu ake oyamba sakhala mgwirizano ayi, amakhala akuti tili ndi anthu 40, lendi ndi yakutiyakuti pa square metre, tilowetseni mmalo awa. Timaofesi totseka timadya malo, khoma lililonse ndi ndalama, chitseko, loko, babu yake, soketi yake, kenako pamafunika kanjira kodutsa pakati komwe sipakhala munthu koma lendi mukulipira. Mukagwetsa zonsezo anthu omwewo amakwana pamalo ochepa. Nkhani ya mgwirizano imabwera pambuyo pofotokozera antchito. Sindikuti mabwana onse ndi onama, ena amakhulupiriradi, koma chomwe chimasainitsa cheke ndi lendi.

Chomwe chimandipweteka ine nchakuti timakopera theka la nzeru. Open plan ya makonoyi inachokera ku Germany cha kumapeto kwa zaka za mma 1950, kwa gulu la Quickborner la abale awiri a Schnelle pafupi ndi Hamburg. Iwowo amayamba awerenga kaye kuti ndani amayankhula ndi ndani, mapepala amayenda kuchoka tebulo liti kupita liti, nkuyala matebulo motsatira zimenezo osati mizere ngati mkalasi. Amaika kapeti, siling'i yomeza phokoso, timatchinga ndi maluwa a mmiphika pakati, ndi pamalo popumira. Ife timangotengapo kugwetsa makomako basi, pansi matailosi, mbali magalasi, pamwamba konkire, zonse zolimba, nde mawu amangonjanja ngati mpira. Asisi mutangoti matailosi owala ndinadziwiratu mmene mukumvekera mmenemo, ngakhale chidendene cha nsapato chimamveka kuchoka pa khomo mpaka kumapeto eti?

Make Mapasa:
Ndendende achimwene. Supuni ikagunda kapu kukhitchini ine ndimaimva.

Madala Opuma:
Ana anga, ine ndagwira zaka 31 mmaofesi a makoma mpaka kupuma, musawasirire kwambiri. Khonde lalitali, zitseko uku ndi uku zonse zotseka, pa chitseko dzina, kutsogolo sekilitale. Fayilo kuti ichoke chipinda 12 kukafika chipinda 15 imadikira mesenjala, nthawi zina masiku atatu, pomwe eni ake alekana ndi mapazi khumi okha. Jekete pa mpando, mwini wake anatuluka 10 koloko, akanadziwa ndani? Ndipo kukula kwa ofesi kumanena udindo wa munthu, wa kapeti ndi wa pa simenti samamwera tiyi pamodzi. Ine ndinatha zaka ziwiri ndi mnzanga wa chipinda choyandikana tikusonkhanitsa manambala a chinthu chimodzi aliyense kwake, tinadzazindikira pa maliro a mnzathu wina tikucheza pa siwa. Nde pamene mukudandaula phokosoli muzikumbukira kuti bata lija linali ndi zake.

Achemwali a ku Zomba:
Madala anena zoona, ndipo ndiwonjezere chomwe abambo ambiri pano sangachiganizire. Chitseko chotseka kwa mtsikana amene wangoyamba kumene ntchito ndi chinthu choopsa. Ntchito yanga yoyamba bwana amandiitana ndi fayilo, ndikalowa amati tseka chitseko kukulowa mphepo, kenako nkhani zimachoka pa fayilo. Ndinaphunzira kuima pafupi ndi chitseko dzanja lili pa chotsegulira. Ndinasiya ntchitoyo patatha miyezi 7 osauza munthu chifukwa chake, mboni ndikanaitenga kuti? Pomwe ndili pano ofesi ya bwana ndi ya galasi, aliyense amaona amene walowa ndi pomwe waima. Ine phokoso ndilipirira, koma makoma aja ayi.

Make Mapasa:
Pepani kwambiri achemwali, ndawerenga mtima ukundiwawa, ndipo sindikupempha kuti tibwerere kumeneko ngakhale pang'ono. Koma ndikuuzeninso chomwe chinandichitikira ine mu September. Foni inalira cha mma 11, mlongo wanga kumudzi, akuti amalume atisiya. Amalume amene anandilipirira fizi sekondale yonse. Ndinaimirira foni ili kukhutu kuyang'ana kothawira, kulibe. Chipinda cha misonkhano ndi cha galasi ndipo munali anthu, kukhitchini kulibe chitseko. Ndinakalirira pa masitepe pafupi ndi chozimitsira moto, alonda ataima patali osadziwa kuti abwere kapena achoke. Pobwerera kudzatenga chikwama chipinda chonse chinali zii, maso onse pa ine. Anandipepesa bwino anzangawo, anasonkha chipepeso, ena anafika mpaka kumudzi. Koma mphindi khumi zoyambirira zija munthu umafuna pobisala, ndipo nyumba yonse yokongolayo inalibe pamene ndikanabisala.

Asisi a HR:
Pepani asisi. Izi nzomwe opanga mapulani akunja saziwerengera, foni ya munthu wa kuno imanyamula mudzi wonse, matenda, fizi, feteleza, lendi ya mng'ono wako, ndipo zimalira nthawi ya ntchito chifukwa ndi nthawi yomwe chipatala ndi sukulu zili zotsegula. Mbali yanga ndaona china chondiopsa. Kale wofuna advance amalowa mu ofesi mwanga, kutseka chitseko, kufotokoza kuti mwana ali mchipatala, timalemba fomu zatha. Chigwetsereni makoma ma fomu a advance anachepa, poyamba ndinasangalala kuti anthu ayamba kusunga ndalama, kenako ndinadzamva kuti madalaivala athu awiri ali pa katapila. Bambo wa zaka 50 sangaime pa tebulo langa nkunena kuti ndalama zandithera ana a zaka 24 akumva. Nde payroll ndimachita kupangira kunyumba usiku chifukwa sikirini yanga yayang'ana kanjira ka ku chimbudzi.

Wa ku Joni:
Ine ndili ku call centre kuno ku Johannesburg, tonse tili pamodzi anthu oposa 200 ndipo aliyense ali pa foni tsiku lonse, koma sizipweteka mutu ngati mmene mukunenera inumo. Pansi pali kapeti, pakati pa matebulo pali timatchinga tokutidwa ndi nsalu tofika mmapewa ukakhala pansi, ndipo mu siling'i mumatuluka kaphokoso kena kapansipansi kokhala ngati mvula ya patali, poyamba ndimayesa ndi aircon. Mnzako wa tebulo lachitatu umaona kuti akuyankhula koma mawu ake sungawatole. Palinso tizipinda tiwiri tating'ono ngati kabati, munthu mmodzi kulowa nkutseka, toyimbiramo foni zako. Nde ine ndikuona ngati vuto si kuchuluka kwa anthu.

Wamapulani:
Mwalasa amwene. Chomwe chimabalalitsa mutu si kukula kwa phokoso koma mawu omveka tanthauzo. Mvula ikamagwa pa malata mutha kuwerenga buku bwinobwino, koma munthu akamanong'ona za chinkhoswe cha mchemwali wake pa tebulo lachiwiri ubongo umatsatira wokha osakupemphani, makamaka foni chifukwa mukumva mbali imodzi nde mutu umalimbana nkudzaza mbali inayo. Kaphokoso mukunenako amachita kukaika dala kuti kaphimbe mawu. Ku University of Sydney mu 2013 Jungsoo Kim ndi Richard de Dear anasanthula mayankho a antchito oposa 40,000 a mnyumba zoposa 300, dandaulo lalikulu la anthu a open plan linali lomweli, kumva zokamba za ena ndi kumvedwa zokamba zako, ndipo phindu loti nkosavuta kufikirana linapezeka laling'ono poyerekeza ndi zomwe anataya. Tizipinda tothawiramoto ndi tomwe makasitomala athu amayamba kuchotsa bajeti ikathina, amati pamenepo pangakwane matebulo ena awiri.

Wa IT ku Kanengo:
Ndipo kusokonezedwa kumadula kuposa mmene timaganizira. Gloria Mark wa ku University of California ku Irvine anatsatira anthu a mmaofesi nkupeza kuti munthu akachotsedwa pa ntchito yomwe amachita zimatenga mphindi pafupifupi 23 kuti abwerere pa ntchito yomweyo, chifukwa pakatipo amayamba wagwira tina ndi tina. Nde "aise tangondionera kaye ichi mphindi imodzi" si mphindi imodzi. Ine ntchito yofuna kuganiza ndimaipangira Loweruka mmawa ku ofesi kulibe munthu, maola atatu ndimatsiriza za sabata yonse, koma Loweruka limenelo salipira ndipo ana anga amandifuna pakhomo.

Wa Procurement:
Palibe amene wakamba za kutentha. Ofesi yathu kuno ku Lilongwe khoma lonse la kumadzulo ndi galasi losatsegula, October uno kuyambira 2 koloko dzuwa limalowa mpaka pa matebulo a pakati, amene ali pafupi ndi galasi amamata mapepala a flip chart kuti aone pa sikirini. Magetsi akazima jenereta imakoka makompyuta ndi magetsi owunikira okha, aircon ayi, nde anthu 50 mchipinda chotsekeka, pofika 3 koloko aliyense akuyasamula mutu ukulemera ndipo palibe chomwe chikulowa. Nyumba zakale zija zinali ndi khonde lotchinga dzuwa ndi mazenera a ma louvre mbali ziwiri mphepo imadutsa yokha. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Nde magetsi akakhalapo nkhondo ndi ya remote, a pansi pa aircon avala majuzi a pa galasi akutuluka thukuta.

Asisi a HR:
Onjezeranipo chimfine. June ndi July wina akangoyamba kuyetsemula sabata yotsatira theka la chipinda lili pa sick leave. Ku Denmark mu 2011 anafufuza antchito oposa 2,000 nkupeza kuti okhala mzipinda za anthu oposa 6 amajomba chifukwa cha matenda masiku ochuluka ndi 62 peresenti kuposa okhala mu ofesi ya yekha. Ndalama yomwe bwana wapulumutsa pa lendi ina imatulukira pamenepo, kungoti siyilembedwa pa mzere umodzi mu bajeti nde saiona.

Wa ku Leeds:
Inu muli ndi mwayi muli ndi tebulo lanulanu. Kuno ku England chichitikireni Covid kampani yathu inachepetsa malo, timapita masiku atatu pa sabata ndipo tebulo umachita kubukitsa pa foni dzulo lake, amati hot desking. Katundu wako mu loka, madzulo tebulo lizisiyidwa lopanda kanthu, chithunzi cha ana sungaike. Tsiku lina ndinakwera sitima mphindi 40 kukafika ku ofesi nkupeza kuti anzanga a timu imodzi ali pansi wina pamwamba wina kunyumba, tsiku lonse tinayankhulana pa kompyuta kudzera pa Teams ine nditakhala pakati pa anthu osawadziwa. Ndipo si zatsopano, kampani ya zotsatsa malonda ya Chiat/Day ku America inayesa mu 1994, anthu mmawa amakasaina laputopu ndi foni nkusaka pokhala, mapeto ake ena amasunga mafayilo mmabuti a galimoto zawo ndipo patangopita zaka zochepa anazisiya. Munthu amafuna pamalo pamene angati apa mpanga.

Mwini Kampani Kakang'ono:
Ndamvetsera nonse, ndiyankheko mbali ya mabwana. Ine ndili ndi antchito 14 ndipo lendi ndimalipira ndisanadzilipire ndekha. Nditati ndimangire aliyense ofesi yake nde kuti awiri achotsedwe ntchito, sankhani. Komanso ine ndilibe ofesi, ndimakhala pa tebulo limodzi ndi anyamata anga, aliyense amandifikira nthawi iliyonse, kasitomala akaimba ndi vuto timalithetsa pompo osadikira mitingi ya Lolemba. Kwa ine zikuyenda ndipo sindinamvepo wina akudandaula.

Asisi a HR:
Bwana ndikulemekezani chifukwa ambiri amagwetsa makoma a anzawo awo nkuwasiya, inu mwakhala nawo pamodzi. Koma mawu oti sindinamvepo wina akudandaula ndi omwe akundidetsa nkhawa. Adandaulira pati, pamaso pa anzake 13 inu muli pomwepo? Tinaleredwa kuti wamkulu sumamutsutsa pagulu. Mnyamata amene waona kuti quotation mwalakwitsa sangakuuzeni anthu akumva, amadikira mpata woti akupezeni nokha, nde ngati mpatawo nyumba yanu ilibe quotation ipita choncho. Komanso bwana akakhala pomwepo anthu amagwira ntchito yooneka, kutaipa, kuimba foni, kuyenda mwachangu ndi pepala mmanja. Woti akhale chete mphindi 20 kuganiza amaopa kuti aoneka waulesi. Tayesani sabata ino muwatenge mmodzimmodzi kuyenda nawo panja mphindi khumi, muwafunse kuti ntchito yofuna mutu amaipangira kuti komanso nthawi yanji.

Mwini Kampani Kakang'ono:
Ndalandira mayi. Kunena zoona wa akaunti wanga amapempha kawirikawiri kuti akamalizire kunyumba kumapeto a mwezi, ine ndimayesa ndi nkhani ya ana. Ndimufunsa mawa.

Madala Opuma:
Mukamufunse muli awiri bwana. Ndipo ndikuuzeni pomwe ife timagwirizanirana zenizeni masiku amenewo, sipanali mu ofesi kapena mu mitingi ayi. Panali pa tiyi wa 10 koloko pomwe ketulo inali imodzi nyumba yonse, ndi pa nsima ya masana kuseri pansi pa mtengo wa mango. Pamenepo wa stores amauza wa transport kuti matayala afika, nkhani yomwe pa memo ikanatenga sabata. Anthu amamasuka pomwe abwera okha ndipo atha kuchokapo okha.

Wamapulani:
Madala mwanena chomwe ife tinachiphunzira mkalasi. Thomas Allen wa ku yunivesite ya MIT ku America mzaka za mma 1970 anayeza mainjiniya nkupeza kuti kuyankhulana kumatsika msanga matebulo akamatalikirana, kupitirira mamita 50 anthu amakhala ngati ali nyumba zosiyana. Nde kuyandikana nkofunikadi, Mnyamata wa Malonda sananame. Koma kuyandikana kwa anthu amene ntchito yawo imakhudzana, osati kuthira aliyense mthumba limodzi. Steve Jobs pomanga nyumba ya kampani yopanga makanema a zidole ya Pixar ku Emeryville ku America anaika malo odyera, mabokosi a makalata ndi zipinda za misonkhano pa bwalo limodzi lalikulu pakati kuti anthu azikumana okha popita ndi pobwera, ndi ketulo ya madala ija imeneyo, koma ojambula ake anali ndi malo awo okagwirirako ntchito. Pokumana pakhale pokumana, pogwira ntchito pakhale pogwira ntchito.

Ndipo chenjerani ndi mankhwala a theka. Robert Propst wa kampani ya mipando ya Herman Miller anatulutsa Action Office II mu 1968, timakoma tosuntha toti munthu azikonza malo ake mmene akufunira. Makampani anaona kuti timakomato mukatiika mmakona anayi mutha kupanikiza anthu ambiri pamalo ochepa, ndi pomwe panabadwira ma cubicle, ndipo mwini wakeyo asanamwalire mu 2000 amadandaula poyera ndi mmene anaigwiritsira ntchito nzeru yake. Nzeru iliyonse ya ofesi ikafika mmanja mwa wowerengera lendi yekha imatuluka chimodzimodzi.

Achemwali a ku Zomba:
Nde titha kukhala nazo zonse ziwiri bwanji? Galasi loti anthu aziona koma asamve. Ofesi ya bwana wathu ili choncho, pakati pa galasipo anamata pepala lija losaonetsa bwino, mutu ndi miyendo zimaoneka koma mapepala a pa tebulo ayi. A HR ndi a akaunti akanakhala ndi chipinda chotero bambo wa advance uja akanalowa momasuka ndipo mtsikana sakanaopa.

Wamapulani:
Ndi momwemo achemwali, bola galasilo lifike mpaka ku siling'i ndipo chitseko chikhale ndi labala mmbali, apo ayi mawu amadutsa pamwamba ndi pansi ndalama nkupita pachabe. Make Mapasa, mukapita kwa bwana musakayambe ndi khoma akakukanizani. Kayambeni ndi zosafuna ndalama. Pulinta ichoke kumbuyo kwanu ipite pafupi ndi khomo. A malonda asamukire mbali ya kukhitchini, a akaunti ndi HR ku ngodya ya kumapeto komwe sikudutsa munthu, misana ku khoma kuti sikirini iyang'ane khoma. Makabati a mafayilo aja muwaike pakati ngati mpanda. Kenako mugwirizane nonse kuti kuyambira 9 mpaka 11 ndi nthawi ya chete, moni tipatsane 8 koloko ndi pa tiyi. Ndipo mutenge invoisi munalakwitsa ija, mabwana amamva msanga akaona nambala.

Make Mapasa:
Abale ndabweranso, pepani ndinasowa sabata yonse. Ndinapita kwa bwana Lachiwiri ndi invoisi ija ndi pepala lomwe ndinalemba masiku atatu, nthawi iliyonse munthu akandiyankhula ndimachonga kamzere, Lolemba lokha timizere tinakwana 41. Anayang'ana pepalalo nthawi yayitali osayankhula. Pulinta yasuntha tsiku lomwelo. A malonda anasinthana malo ndi ife Lachisanu madzulo, anyamatawo ananyamula okha matebulo ndipo mmodzi anandiuza kuti nayenso amamangika kuimba foni akuona ine ndagwira mutu. Kachipinda kosungiramo mapepala ndi ma toner tachotsamo katundu, talowetsa tebulo ndi mipando iwiri, aliyense atha kulowamo nkutseka koma bwana anati pa chitseko aboole aike galasi, ndinawafotokozera nkhani ya achemwali a ku Zomba osatchula munthu. Za nthawi ya chete akuti tikambirane tonse pa mitingi ya mwezi, khoma la galasi akana kuti chaka chino bajeti kulibe. Kachipindako kalibe zenera nde kukutentha, munthu sungakhalemo kupitirira ola. A Wamapulani, fani ingathandize kapena pakufunika china?

Wamapulani:
Fani yokha ingozunguza mpweya womwewo asisi. Auzeni akalipentala pobowola pa galasipo aikenso ka grille, kazenera ka timipata kolowetsa mpweya, pansi pa chitseko, ndi ka extractor kakang'ono kokhala ngati ka ku bafa kokokera mpweya panja kapena mu siling'i, kalumikizidwe ku laini ya jenereta. Ka grille katulutsa mawu pang'ono nde tebulo liikeni kutali ndi chitseko, ndipo khoma limodzi mupachikepo bolodi lofewa lija lobayapo zidziwitso kapena chitenje chokhuthala. Munditumizire muyeso wa kachipindako ku inbox ndikuuzeni saizi ya extractor musanagule.

Make Mapasa:
Zikomo achimwene, ndikayeza mawa mmawa ndi tepi ya alonda ndikutumizirani. Mabuku a October ndikuyamba kutseka Lachinayi.